Musananyamule mfuti ulendo wa ku Mágoè, tawerengani kaye izi

Anyamata pamsika pa Ulongwe akhala akulimbana masiku ano, eti kunja boma limalola anthu kukasaka mu paki mongosangalala, ndiye bwanji ifenso tisapite ku Mágoè tikabwere ndi ndiwo. Abale anga, nkhaniyi ndi yoona koma mwaimva mbali imodzi.

Zimenezo ndi za ku Australia, chigawo cha New South Wales. Mu 2012 boma lakumeneko linavomera zoti alenje wamba azilowa m'mapaki 79, koma nyama zake sizinali zachilengedwe chakumeneko ayi, ndi nkhumba, mbuzi, akalulu ndi zina zomwe anabwera nazo azungu nkulowerera kutchire mpaka kuswana mosaneneka. Tangoganizani, akalulu 24 okha omwe munthu wina anamasula mu 1859 anadzaza dziko. Komanso anthu anakana kwambiri poopa kuti alendo oyenda mu paki aomberedwa, mpaka pamapeto pake zinasintha, alenje ongodzipereka amalowa moyang'aniridwa ndi ogwira ntchito mu paki.

Kuno ku Mozambique ndi zina. Paki ya Mágoè inakhazikitsidwa mu 2013 m'mbali mwa nyanja ya Cahora Bassa ndipo njovu, mvuu, ng'ona zonsezo ndi zakonkuno, sizinathawe m'khola la munthu. Ndiye choyamba kudziwa nchakuti mu paki simusakidwa, basi. Lamulo loteteza zachilengedwe la 2014 lomwe analikhwimitsa mu 2017 limanena zaka 12 mpaka 16 m'ndende kwa wopha nyama yotetezedwa, ndipo wonyamula kapena wogula minyanga naye sapulumuka.

Ngati kusakako mukukufunadi, yambani ndi mapepala. Mfuti imafuna lisensa yake ya kupolisi, kusaka kumafunanso lisensa ina ndipo oyang'anira zimenezi ndi a ANAC, bungwe la boma loona za mapaki ndi nyama zakutchire. Simukudziwa poyambira? Pitani ku SDAE, ofesi yoona za ulimi ndi zachuma pa boma panu, mukafunse ndi malo ati ololedwa, ndi nyama ziti, komanso nyengo yake chifukwa pali miyezi yomwe amatseka kuti nyama ziswane. Funsani pamaso, musamve za mnzanu wa pa bawo. Malo osakira mwalamulo ndi ma coutada (malo omwe boma linapatula kuti azisakamo) ndi madera ngati a Tchuma Tchato, pulogalamu yomwe inayamba m'ma 1990 mbali ya Mágoè ndi Zumbo, kumeneko chaka chilichonse pamakhala chiwerengero cha nyama zololedwa kuphedwa ndipo mumayenda ndi mlenje wovomerezeka. Kunena zoona ndalama zake ndi zamadola, nchifukwa chake ambiri obwera ndi alendo akunja, ife chomwe chimatikhudza ndi 20 peresenti ya ndalama zomwe boma limatolera pa kusakako, yomwe imayenera kubwerera kumudzi, imeneyo ndiye muziifunsa kukomiti ya zachilengedwe ya kwanu osachita manyazi.

Misampha ya waya, poizoni ndi kutentha tchire izo iwalani, a fishikali, alonda a nyama zakutchire, akakupezani nazo palibe chofotokoza.

Nanga nyama ikakulowerani m'munda? Apa mpamene ambiri amalakwitsa chifukwa cha mkwiyo, ndipo ndimawamvetsa, chimanga cha chaka chonse kutha usiku umodzi si zocheza. Koma musailondole. Jambulani ndi foni mapazi ake ndi zomwe yaononga, kauzeni a nyakwawa tsiku lomwelo, kenako nkhani ipite ku SDAE. Oganiza zoti ithamangitsidwe kapena iphedwe ndi aboma, osati inu. Podikirapo, kufukiza tsabola wosakaniza ndi ndowe m'malire a munda kumathandizako pa njovu.

Tsono zofanana kwenikweni ndi za ku Australia kuno kwathu ndi agalu opanda mwini ndi nkhumba zongoyendayenda. Galu wotere akakulumani musataye nthawi kumuthamangitsa, tsukani bala ndi sopo pamadzi ambiri kwa mphindi 15 nkuthamangira kuchipatala, chiwewe chikangoyamba kuonekera sichichizika. Anu apakhomo muziwabayitsa katemera. Nkhumba nazo, ife a ku Angónia chigodola tikuchidziwa bwino mmene chimasesera makola. Mukapeza nkhumba yosochera musaiphatikize ndi zanu, funsani kaye kwa amfumu ngati ili ndi mwini, ndipo ikakhala yofa yokha kapena yofiira makutu ndi pamimba itanani a zoweta, yakufayo kumbani dzenje lakuya muikwirire. Nyama yake musapite nayo kumsika olo anthu akuuzeni kuti ingowotchani bwino, kachilombo kake kamakhala nthawi yaitali mu nyama ndipo kamayenda ngakhale pa nsapato ndi pa mpeni.