Momwe mungajambulire mapu a dziko lomwe linamira m'nyanja pa laputopu yanu

Anzanga a kuno ku Joni okonda za makedzana, izi mutha kuzichita muli pa room panu ku Rosettenville osapita kunyanja. Zaka pafupifupi 20,000 zapitazo madzi a m'nyanja anali otsika ndi mamita 120 chifukwa ambiri anali ataundana kukhala ayezi, ndiye kummwera kwa South Africa kunali chigwa chachikulu chomwe akatswiri amachitcha Palaeo-Agulhas Plain. M'nyengo zozizira ngati imeneyo anthu a m'mapanga a Pinnacle Point ku Mossel Bay akasuzumira panja ankaona udzu ndi nyama pomwe lero pali mafunde.

Yambani ndi kuika QGIS, pulogalamu yopangira mapu pa kompyuta. Ndi yaulere, musalole anyamata a mu town akugulitseni pulogalamu ya mapu ya pa flash, zambiri zimabwera ndi ma virus. Kenako pitani pa webusayiti ya GEBCO, bungwe lopanga mapu a pansi pa nyanja, mukatenge deta ya kuya kwa nyanja, nayonso yaulere, koma sankhani kachigawo ka Mossel Bay kokha ngati fayilo ya mtundu wa GeoTIFF, ya dziko lonse ndi ma gigabyte ambiri bundle yanu ithera pomwepo.

Apa ndiye mumvetsere. Fayilo ya GEBCO imabwera mu CRS (njira yowerengera malo pa mapu) ya EPSG:4326, kutanthauza kuti m'litali ndi m'lifupi ikuwerenga ma degree pomwe kuya ikuwerenga mamita. Kwa ine nditapanga hillshade (mithunzi yoonetsa zitunda ndi zigwa) chithunzi chinatuluka chakuda bii chodzaza minga ngati pansi pa nyanja pali maphompho okhaokha, chonsecho malowo ndi athyathyathya. Mankhwala ake ndi kupita pa menu ya Raster, Projections, Warp nkusinthira ku EPSG:32734, yomwe ndi UTM 34S, yowerenga mamita mbali zonse. Musangosintha CRS ya project pakona pansi paja, zimenezo zimasintha maonekedwe chabe fayilo imakhala yomweyo. Ndipo sevani pafupipafupi, magetsi akuno mukuwadziwa.

Mukatero tsegulani Raster Calculator mulembe kuti layer yanu yatsopanoyo ikhale > -120, osaiwala minus chifukwa kuya kumalembedwa ndi manambala a minus. Patuluka ma 1 ndi ma 0, pomwe patuluke 1 ndi mtunda wakale. Bwerezani ndi -40 komanso -75 muone gombe likusuntha, paka mitundu, ika gombe la lero pamwamba, export.

Kabokosi kamodzi (pixel) ka mapu a GEBCO ndi mamita pafupifupi 450, ndiye makwawa a mitsinje yakale simuwaona bwino, amenewo amafuna multibeam sonar, makina a pa boti oyeza pansi pa nyanja ndi phokoso, ngati yomwe a Council for Geoscience, bungwe la boma la kuno lofufuza za nthaka ndi miyala, anagwiritsa ntchito kufupi ndi Mossel Bay.