Njoka ikalowa m'khola la nkhuku, chitani izi

Musanayambe, khalani ndi tochi, nsapato za jombo, nsungwi yaitali ndi chidebe cha madzi oyera.

1. Chotsani ana ndi agalu. Inuyo imani patali mamita osachepera 3, chifukwa njoka zina zimalavulira m'maso.

2. Tsegulani chitseko ndi nsungwiyo kuti nkhuku zituluke, ndipo musaime panjira yotulukira.

3. Gogodani khoma kumbuyo kwa khola, mudikire. Njoka imamva kugwedezeka, ikaona mpata imathawa yokha. Koma mphiri ndi yaliuma, imangounjikana phee, ndiye ifunika kuleza mtima.

4. Ambiri amalakwitsa apa: amaisendera ndi khasu kuti aiphe, kapena kupisa dzanja pomwe nkhuku zimaikira mumdima. Musatero. Ngakhale mutu wa njoka yakufa umatha kuluma.

5. Ikachoka, matani ming'alu, lambulani udzu, sunthani mulu wa nkhuni. Tolani mazira tsiku lililonse ndipo madeya muzivundikira, poti njoka imatsata makoswe.

6. Ikakulavulirani, tsukani maso ndi madzi ambiri kwa mphindi 15. Ikakulumani, osamanga, osatema mphini. Zonsezi thamangirani kuchipatala.