Momwe mungayang'anirire ma router ndi ma switch ambirimbiri pa sikirini imodzi

Zipangizo zikachuluka, simungamadikire kuti wina aimbe foni kuti intaneti yadula. Ine ndimagwiritsa ntchito Zabbix, pulogalamu yomwe imayang'anira zipangizo za pa netiweki n'kukuuzani china chikagwa. Ndi yaulere, ndipo kompyuta yakale ya Ubuntu imakwanitsa, bola muiikire SSD. Ikani Zabbix 7.0 yomwe inatuluka mu 2024, lowani ngati Admin, n'kusintha pasiwedi ya "zabbix" nthawi yomweyo.

Pa chipangizo chilichonse yatsani SNMP, njira yomwe Zabbix imafunsira chipangizo momwe chilili, imene imadutsa pa port 161 ya UDP, ndipo musasiye community (mawu omwe amakhala ngati pasiwedi ya SNMP) ili "public". Apa chenjerani ndi ogulitsa ma switch a kaunjika. Wina anandilumbirira kuti yake ndi managed, kutanthauza yomwe mungailowe n'kuisintha pa netiweki, koma nditafika nayo ku ofesi ndinapeza kuti ilibe ngakhale IP. Yoteroyo Zabbix siingaione. Muziyesa musanapereke ndalama.

Musalowetse zipangizo chimodzichimodzi. Ipatseni network discovery ya mu Zabbix ma IP anu, izifufuze yokha n'kuziika template yoyenera, yomwe ndi mndandanda wa zoti iziyeza pa chipangizocho. Ya MikroTik ilimo kale.

Tsono apa ndi pamene ndinapsa. Ndinalumikiza mauthenga ku Telegram n'kukagona mtima uli m'malo. Pakati pa usiku magetsi anazima kunyumba yomwe kuli switch yaikulu, UPS nayo mabatire anali atatha kalekale. Foni inayamba kulira ngati kwagwa maliro. Access point iliyonse, kamera iliyonse, printa yomwe, chilichonse chikunena kuti chafa. Ndinapukusapukusa mauthengawo mpaka kunja kuyera, osadziwa poyambira, pomwe chozima chinali chimodzi chokha. Zinazo zinali zamoyo, kungoti njira yozifikira inali itaduka.

Mankhwala ake ndi trigger dependencies: trigger ndi lamulo lomwe limadzutsa chenjezo, ndipo mumaiuza Zabbix kuti trigger iyi ikudalira iyo. Tsegulani trigger ya ping (yoona ngati chipangizo chikuyankha) ya chipangizo chaching'ono, pitani pa Dependencies, musankhe trigger ya switch yomwe chimadalira. Switch imeneyo nayo idalire router. Kholo likagwa, ana amakhala chete, inu n'kulandira uthenga umodzi wokuuzani kopita. Yambani mwajambula papepala kuti chingwe chilichonse chikuchokera kuti, chifukwa ine ndinapeza ma switch awiri omwe sindinkadziwa kuti alipo. Ntchitoyi ndi yotopetsa, koma musaidumphe.

Zojambula sizivuta. Pangani map mu Zabbix momwemo, chogwa chimaonekera pompo. Mukafuna zokongola zoti abwana aziona, ikani Grafana, pulogalamu yojambula ma graph, ndi plugin yake ya Zabbix; Grafana-yo imatseguka pa port 3000. Pachikani TV pakhoma. Kompyuta ya Zabbix-yo muipatse UPS yakeyake ya mabatire atsopano.