Momwe mungakololere madzi a mvula akumwa mukakhala pa chilumba

Munthu wa pa chilumba cha Chisi, m'nyanja ya Chilwa, amadzuka n'kuona madzi mbali zonse, koma oti amwe amasowa. Nyanja ya Chilwa ilibe mtsinje wotulukamo, n'chifukwa chake madzi ake ali ndi mchere, ndipo kolera amabukabuka pakati pa asodzi a m'zimbowera, tinyumba toyandama pa nyanja. Ku Likoma ndi ku Chizumulu madzi a m'nyanja ndi ozuna, komabe a m'mphepete amene anthu amatunga ndi omwewo akuchapiramo, kusambamo ndi kutsukiramo nsomba. Mchere suchoka ndi klorini, ndipo mukawiritsa umangowonjezekera. Madzi abwino a pafupi ali pa denga la malata.

Yambani ndi kuwerengera. Mvula ya milimita imodzi ikagwa pa malo a mita imodzi m'litali ndi mita imodzi m'lifupi imapereka lita imodzi. Denga la mamita 8 ndi 6 likalandira mvula ya mamilimita 20 limatsitsa malita 960, koma ena amatayika, ndiye yembekezerani pafupifupi 770. Banja la anthu 6, aliyense malita 5 patsiku akumwa ndi kuphikira, limafuna malita 30. Thanki ya malita 5,000 ingawasunge miyezi isanu ndi theka, bola asachapire kapena kusambira madziwo. Denga la udzu silithandiza pa ntchitoyi chifukwa madzi ake amatuluka ofiira ndi onunkha. Kumene nyumba zambiri ndi zofolera udzu, gwiritsani ntchito denga la sukulu, la tchalitchi kapena la mzikiti.

Kenako ikani ngalande m'munsi mwa malata. Paipi ya PVC ya mamilimita 110 yong'ambidwa pakati imakwanira. Ipendeke sentimita imodzi pa mita iliyonse kulowera ku thanki, ndipo muimangirire pa mita iliyonse. Ikakhala yopanda zogwirizira zokwanira imabwafuka pakati, madzi amadikha, udzudzu n'kuswana. Nthambi zoyandikira denga dulani.

Apa ndi pamene ambiri amalakwitsa. Madzi oyamba kutsika amakokolola fumbi, zitosi za mbalame ndi za abuluzi, ndipo sayenera kulowa mu thanki. Pa paipi yotsika lumikizani paipi ina yoimirira, yotsekedwa pansi ndi chitsekero chomasula. Madzi oyamba amadzaza iyoyo, oyera n'kumapitirira ku thanki. Werengerani theka la lita pa malo aliwonse a denga a mita imodzi m'litali ndi mita imodzi m'lifupi, kutanthauza malita 24 pa denga lathu lija. Mita imodzi ya paipi ya 110 imasunga malita oposa 8, choncho mamita atatu akwanira, kapena lumikizani chigubu cha malita 25. Mvula ikatha masulani chitsekero, madzi akudawo atayike. Mukaiwala, mvula yotsatira idzapeza paipi ili yodzaza kale n'kupititsa litsiro lonse mu thanki. Mvula yoyamba ya chaka, ija imagwa denga litauma miyezi yambiri, itayeni yonse.

Thanki yodzaza ya malita 5,000 imalemera matani asanu. Pa mchenga wa kunyanja imatitimira mbali imodzi n'kung'aluka pansi, ndiye imangireni maziko a simenti osalala, okwera moti ndowa ikwane pansi pa mpopi. Sankhani yakuda kapena yobiriwira kuti kuwala kusalowe, apo ayi mumamera ndere. Polowera madzi ndi potulukira osefukira kutireni neti. Mpopi ukhale masentimita 10 kuchokera pansi pa thanki kuti matope asatuluke nawo, ndipo kamodzi pachaka, mvula isanayambe, tsukani mkati.

Madzi a mu thanki amafunikabe kutetezedwa. Thirani kachivindikiro kamodzi ka WaterGuard mu malita 20, khutchumulani, dikirani mphindi 30. Ngati klorini mwalandira kwa alangizi a zaumoyo, tsatirani muyeso umene akuuzani, popeza mphamvu yake imasiyana, ndipo musaisunge padzuwa chifukwa imasukuluka. Popanda mankhwala, wiritsani mpaka abwate kwa mphindi imodzi. Nkhuni pa chilumba n'zosowa, choncho njira ina ndi kudzaza mabotolo apulasitiki oonekera mkati osaposa malita awiri n'kuwagoneka pa malata maola 6 padzuwa, kapena masiku awiri kukakhala mitambo.

Thanki ikauma ndipo mukutunga kunyanja, lowani ndi bwato patali ndi doko. Sefani ndi nsalu yoyera yopinda kangapo, asiyeni adikhe, kenako thirani klorini, tizivindikiro tiwiri ta WaterGuard mu malita 20 ngati akadali a mbuu. Sungani m'chigubu cha kukamwa kwakung'ono chotseka, osati mu mtsuko wovuulamo ndi kapu imene aliyense wagwira.

Thanki ya pasukulu kapena ya mudzi ikhale ndi loko ndi munthu wodziwika wosunga kiyi. Mabanja azisonkha kangachepe mwezi uliwonse, ndipo mpopi wina, guluu wa PVC ndi neti zigulidwiretu, chifukwa mpopi ukathyoka wina amachita kubwera pa boti kuchokera ku Nkhata Bay kapena ku Kachulu, madzi akutayika.