Kumbani kaye dzenje musanadzale kudimba

Madzi a Shire akaphwa, cha mu Epulo kapena Meyi, anthu kwathu ku Chikwawa amathamangira kudimba mbewu zili m'manja. Ine ndimayamba ndanyamula khasu, chikwanje ndi botolo. Chinandiphunzitsa ndi chigumula cha Januwale 2015: ndinadzala chimanga pomwe bambo anga ankakolola ngolo zodzaza, koma chinangofota. Mundawo unali utakwiririka ndi mchenga wofika m'maondo.

Kumbani dzenje lolekeza m'chiuno, khoma limodzi mulisalaze ndi chikwanje. Muona mizere yosanjikizana, wina woyera, wina wotuwa, wina wakuda bii. Amene anaiyala ndi madzi osefukira a zaka zosiyanasiyana. Dothi lathu kuno kuchigwa cha Shire silinabadwire pano ayi. Linakokoloka kumapiri, lina kubwera ndi mtsinje wa Mwanza, lina ndi wa Ruo wochokera ku Mulanje, amene amathira mu Shire pa Chiromo.

Nkhani yagona pa liwiro la madzi. Mtsinje ukangotuluka m'njira yake mphamvu imachepa, ndiye umayamba watula katundu wolemera, mchenga, pafupi ndi gombe. N'chifukwa chake m'mphepete mwenimweni mwa mtsinje mumakhala mokwererapo kuposa kuseri kwake, ngakhale alendo sakhulupirira mpaka ataona okha. Dothi lofewa ngati ufa limatera chapakati. Dongo, lomwe limayandama masiku angapo, limakakhazikika kutali m'zithaphwi momwe madzi amaima, monga ku Dambo la Njovu. Pamenepo udzu ndi mabango zimaolerana chaka ndi chaka, dothi n'kumada.

Tsopano tapani dothi la pamwamba, lozama ngati chikhatho, mulithire m'botolo mpaka theka. Dzazani madzi, khutchumulani kwambiri, muliike pansi. Mchenga ukhazikika mphindi imodzi isanathe, dothi la ufa lija patapita maola angapo, dongo mawa lake kapena mkuja. Mzere wonenepa kwambiri ndiwo ukuuzeni munda umene muli nawo. Ngati botolo mulibe, nyowetsani dothi n'kulipota m'manja: likapanga kachingwe kosaduka, ndi dongo.

Pamchenga wosakanikirana ndi dothi lofewa ine ndimaika mbatata ndi maungu. Pa dothi la ufa losunga chinyezi mpamene pa chimanga ndi nyemba. Potsika, podikha madzi, ndi pa mpunga. Makande aja akuda, ong'ambika nthawi ya chilimwe ngati a ku Ngabu, ndi achonde koma ouma mutu: akanyowa amamata khasu, akauma amalithyola, choncho limani ali pakatikati. Mukapeza mchenga wochepa pamwamba pa dothi lakuda, musathawe, kumbani mapando ozama kuti mizu ifike pansipo.

Mukaona zoyera ngati phulusa pamwamba pa nthaka, lawani. Ukakhala mchere, mbewu zambiri sizidzakula pamenepo.

Yang'ananinso pomwe mtsinje wakhota. Kunja kwa khonako madzi amathamanga n'kumagumula gombe, pomwe mkati mwake amaunjika mchenga. Nthochi zanga zonse zinapita ndi namondwe Freddy mu Malichi 2023 chifukwa ndinazidzala mbali yogumukayo, pomwe mlamu wanga kutsidya munda wake unangokula. Chaka chino ndabwerera mmbuyo mapazi 30, ndipo m'mphepetemo ndasiya bango limere.