Kukaona nyumba zakale za ku Mount Pleasant, mumzinda wa Harare ku Zimbabwe

Kwerani kombi (minibasi) ya ku Mount Pleasant, mukatsikire pa yunivesite ya Zimbabwe, ija poyamba inkatchedwa University College of Rhodesia and Nyasaland. Ine ndimakonda m'mawa wa mu Okutobala, jakaranda atachita maluwa.

Yendani wapansi. Nyumba yakale mudzaidziwa ndi khonde lalikulu lopakidwa polishi wofiira, chumuni, ndi denga la malata kapena matailosi. Zambiri zinabisika m'mipanda, ndiye musamasuzumire ngati mbala. Perekani moni kwa abambo apageti, ena ndi akwathu ndithu, mukangoti "Muli bwanji bambo?" amamasuka. Musajambule asanakuloleni.

Mukafuna kudziwa banja lomwe linamanga, kafufuzeni ku National Archives, kosungira zolemba zakale za dziko, pa Borrowdale Road. Podutsa pa State House, foni ikhale m'thumba.