Mphaka wosatuluka panja nayenso amafunika katemera

Miyezi ingapo yapitayi ndakhala ndikuitanidwa m'nyumba zosiyanasiyana kukaona amphaka odwala, ndipo zimene ndikumapeza zikumafanana. Kamphaka kamene dzana kamathamangitsa chingwe pabalaza kangoti zyoli pafupi ndi mbale ya madzi, mutu uli pamwamba pa mbaleyo koma osamwa. Kakusanza thovu lachikasu, ubweya wanyankhalala, ndipo ukakoka khungu la pakhosi silibwerera msanga chifukwa madzi atha m'thupi. Ndikapempha khadi la katemera, eni ake amandiyang'ana modabwa: "Alangizi, ameneyutu satuluka panja. Katemera ngwachiyani?"

Mawu amenewa ndatopa nawo, chifukwa ndi amene akupha amphaka ambiri nyengo ino. Matenda amene ndikukamba madokotala a ziweto amawatcha panleukopenia. Amayamba ndi kachilombo ka m'gulu limodzi ndi ka parvo kamene kamapha ana agalu. Kakalowa m'thupi kamawononga matumbo ndi m'mafupa momwe mumapangidwa maselo oyera a magazi, asilikali a thupi aja, moti mphaka amatsala wopanda chomuteteza ku tizilombo tina tonse. Koma chimene ndikufuna mumvetse ndi kulimba kwa kachilomboka. Kamatha kukhala ndi moyo pansi, m'fumbi, pa nsalu kapena pa mbale kwa chaka chathunthu, mwinanso kupitirira. Sopo wamba sakapha, ngakhale mankhwala ambiri okolopera m'nyumba sakapha. Mwaponda pamene mphaka wodwala anachita chimbudzi miyezi isanu yapitayo, mwafika kunyumba, mwavula nsapato pakhomo. Mphaka wanu amachita chiyani? Amabwera kudzanunkhiza nsapatozo, kudzitsuta pa miyendo yanu, kenako n'kukhala pansi kudzinyambita thupi lonse monga amachitira. Basi, kalowa. Mphakayo sanatuluke, koma inu mumatuluka tsiku ndi tsiku, ana amatuluka, alendo amabwera.

Ndiye taganizani zimene zimatsatira. Palibe mankhwala opha kachilomboka. Chimene dokotala angachite ndi kumuika mphaka dripi, kumupatsa mankhwala oletsa kusanza ndi olimbana ndi mabakiteriya, n'kudikira kuti thupi lidzimenyere lokha nkhondo. Zimenezi zimatenga masiku, mphaka ali kuchipatala, ndipo ndalama zake zimaposa kutalitali mtengo wa katemera yense amene akanalandira. Ndi zonsezo, tiana ta mphaka tambiri timafa ndithu, tina tisanathe n'komwe masiku awiri chiyambire kudwala. Mphaka wa bere akagwidwa amataya bere, kapena amabereka ana owonongeka mbali ya ubongo yoyendetsa thupi, amene amayenda dzandidzandi moyo wawo wonse. Pamwamba pa izo nyumba yanu yatsala ndi kachilombo. Mukathamangira kukatenga kamphaka kena kosabayidwa kuti ana aleke kulira, nakonso mukakwirira.

Ndikumbukira mlimi wina wa nkhuku amene ndakhala ndikugwira naye ntchito kwa zaka zambiri. Pa nkhani ya chitopa bamboyu ndi katswiri, sadumphitsa katemera ngakhale kamodzi. Pakhomo pa khola lake pali beseni la mankhwala, ndipo aliyense wolowa, ine ndemwe, ayenera kuviika nsapato. M'nyumba amasunga amphaka atatu amene mwana wake wamkazi amawakonda ngati abale ake, ndipo sanapondepo panja. Tsiku lina mnzake wa mlimiyu anamupatsa kamphaka kakang'ono kokongola, kooneka kathanzi, iye n'kukalowetsa m'nyumba tsiku lomwelo. Patapita masiku anayi kanayamba kusanza. Sabata isanathe kanafa, ndipo awiri mwa atatu aja anatsatira. Nditafika ndinapeza mtsikanayo atakhala pansi, atafukata wotsalayo mu thawulo, akumudonthezera madzi m'kamwa ndi sirinji. Ndinafunsa bambo ake kuti, "Bambo, beseni lija mumaikiranji pakhomo pa khola, pomwe nkhuku zanu sizituluka?" Anayankha msanga kuti, "Chitopa chimayenda ndi mapazi a anthu, alangizi." Atangomaliza kulankhula anakhala chete, n'kuyang'ana nsapato zimene zinali mbwee pakhomo. Kenako anati, "Ine ndimayesa mphaka ndi wolimba, sadwala ngati nkhuku." Mphaka wachitatuyo anapulumuka atagona kuchipatala masiku asanu.

Maganizo akuti mphaka ndi wolimba ndi akale, ndipo atipweteketsa mokwanira. Mphaka amabisa ululu, n'chifukwa chake amaoneka wolimba. Pofika poti mwaona kuti wadwala, amakhala atadwala kale kwa masiku.

Palinso ena amene amandionetsa khadi monyadira, koma pali jakisoni mmodzi yekha, wa pamene mphaka anali ndi masabata 8. Ameneyo ndi katemera wa theka. Kamwana kamayamwa chitetezo mu mkaka woyamba wa make, ndipo chitetezo chimenecho chikadali m'magazi chimatha kufooketsa katemera asanagwire ntchito. Chimatha pang'onopang'ono, kwa ena pa masabata 8, kwa ena mpaka 14 kapena kupitirira, ndipo palibe amene angadziwe pongoyang'ana ndi maso. N'chifukwa chake timabwereza pakatha masabata atatu kapena anayi alionse mpaka kamphaka katakwanitsa masabata 16. Jakisoni womaliza ndiye wofunika kwambiri, koma ndi amenenso anthu amamudumpha poti "kakuoneka bwino".

Za chiwewe sindifuna n'komwe kukangana ndi munthu. Mileme imalowa m'nyumba kudzera kudenga kapena pa zenera, ndipo palibe mphaka amene angaone mleme ukuphiriphitha pansi n'kuusiya. Chitseko chimaiwalika chosatseka, mphaka wofuna mwamuna amathawa usiku n'kubwera m'mawa ali ndi bala. Chiwewe chikayamba kuonetsa zizindikiro sichichizika, kwa nyama ngakhale kwa munthu, ndipo bungwe la World Health Organization limati chimapha anthu pafupifupi 59,000 pa chaka padziko lonse, ambiri mwa iwo atalumidwa ndi agalu. Mphaka wanu akaluma mwana wa mlendo, funso loyamba lidzakhala la khadi. M'madera ambiri katemera wa chiwewe ndi lamulo, kaya mphaka amatuluka kaya satuluka.

Tsono chitani izi. Pemphani katemera wophatikiza amene pa khadi amalembedwa kuti FVRCP. Amateteza ku panleukopenia ndi tizilombo tiwiri ta chimfine cha amphaka, herpesvirus ndi calicivirus. Yambani pa masabata 6 mpaka 8, malizani monga ndanenera, bwerezani pa miyezi 6 kapena pa chaka malinga ndi dokotala wanu, kenako kwa mphaka wa m'nyumba pakatha zaka zitatu zilizonse n'zokwanira. Wa chiwewe ayambe pa masabata 12, abwereze pakatha chaka, kenako mutsatire lamulo la kwanuko ndi mtundu wa katemerayo. Wa FeLV, kachilombo koyambitsa khansa ya m'magazi mwa amphaka, ndi wabwino kwa tiana tosakwana chaka, koma mphaka wamkulu amene sakumana ndi amphaka ena angathe kuusiya. Ngati mphaka wanu ndi wamkulu ndipo sanabayidwepo, musachite manyazi, pitani naye sabata ino. Akabayidwa amatha kufooka tsiku limodzi kapena awiri, musadandaule. Koma kachotupa ka pa jakisoni kakakhala miyezi itatu, kakaposa masentimita awiri, kapena kakamakulabe patatha mwezi, bwererani kwa dokotala.

Mphaka watsopano mumutsekere m'chipinda chake kwa masabata awiri, ndi mbale zake ndi chimbudzi chake. Ngati m'nyumba munagwa kale matendawa, tsukani kaye ndi sopo, kenako pakani bulichi gawo limodzi m'magawo 32 a madzi, mudikire mphindi 10 musanatsukuluze, ndipo zogonera zakale mutaye.

Zotsalazi mukuzidziwa. Kamodzi pa chaka dokotala amuone mano ndi nkhama, amuyeze pa sikelo, chifukwa amphaka a m'nyumba amanenepa mopitirira. Akapitirira zaka 10 muzipita kawiri pa chaka n'kuyezetsa magazi ndi mkodzo, poti impso ndi zimene zimayamba kutopa. Utitiri umalowanso ndi zovala ndipo umabweretsa njoka za m'mimba, koma mankhwala a utitiri a agalu okhala ndi permethrin musamuthire mphaka, amamupha. Paracetamol nayenso ndi poizoni kwa mphaka, ngakhale kachidutswa. Athenedwe kapena kutsekedwa asanakwane miyezi isanu. Mphaka wamphongo akamapita ku chimbudzi pafupipafupi, akulira koma mkodzo osatuluka, musadikire kuti kuche, thamangani naye usiku womwewo. Chimodzimodzinso mphaka amene watha tsiku lathunthu osadya.